Mmene Mungadulire Njira za Tizirombo Todalira Thupi la Munthu

Munthu akamwa mankhwala a njoka zam'mimba, pakapita masiku ochepa njoka zambiri zimafa n'kutuluka, ndipo iye amaona ngati nkhani yatha. Koma ngati nthaka imene amapondapo, madzi amene amamwa ndiponso manja amene amadyera sizinasinthe, pakatha miyezi ingapo njokazo zimakhala zabwerera. Apa ndi pamene pagona vuto la matenda onse obwera ndi tizirombo todalira thupi la munthu: mankhwala amatulutsa mlendo woipayo m'nyumba, koma satseka khomo limene analowera. Choncho munthu wofuna kudziteteza ndi kuteteza banja lake ayenera kudziwa njira imene kachirombo kalikonse kamadzera, kenako n'kupeza malo amene njirayo ndi yosavuta kuidula.

Tizirombo timene tikunena pano sitingathe kukula kapena kuberekana popanda kukhala m'thupi kapena pakhungu la chamoyo china, ndipo timadya chakudya, magazi kapena minofu ya amene watisunga. Tina ndi ta selo imodzi, tooneka pa maikulosikopu pokha, monga toyambitsa malungo, kaodzera ndi mtundu wina wa kamwazi. Gulu lina ndi la njoka, kuyambira zazifupi ngati kachidutswa ka ulusi mpaka zotalika mamita angapo, ndipo m'gulu lomweli muli zoyambitsa likodzo ndi mntchofu, ngakhale kuti izi sizikhala m'kati mwa matumbo. Palinso tokhala pakhungu, monga nsabwe, matekenya ndi kachirombo ka mphere. Tonseti n'tosiyana ndi mabakiteriya komanso mavairasi, n'chifukwa chake mankhwala ngati amoxicillin, amene anthu ambiri amathamangira akangomva m'thupi, sapha tizirombo timeneti.

Pa kachirombo kalikonse dzifunseni mafunso atatu: kamatuluka bwanji mwa munthu wodwala, kamakadikira kuti, ndipo kamalowa bwanji mwa munthu wina? Mukayankha mafunso amenewa mwadziwa kale chochita. Pali mfundo inanso yolimbikitsa imene ambiri saidziwa, yakuti njoka zambiri sizichulukana m'thupi la munthu. Zimaikira mazira, koma mazirawo amayenera kutuluka kaye n'kukakhwimira kunja, kotero kuti munthu amene ali ndi njoka 50 ndiye kuti mazira kapena mphutsi 50 zinalowa m'thupi mwake imodziimodzi. Popeza kukula kwa matenda kumayenderana ndi kuchuluka kwa njokazo, khama lililonse lochepetsa zolowa limapindula, ngakhale munthu atalephera kutseka makomo onse.

Umboni wamphamvu wakuti kudula njira kumagwira ntchito ndi nkhani ya nyongolotsi ya Guinea. Munthu amaitenga pomwa madzi a padziwe okhala ndi tizamoyo ting'onoting'ono tonyamula mphutsi zake, ndipo pakatha chaka nyongolotsi yotalika mpaka mita imodzi imaboola khungu, kawirikawiri la kumwendo. Ululu wake ndi wotentha ngati moto, moti wodwalayo amakaviika mwendo m'madzi, ndipo pomwepo nyongolotsiyo imatulutsiramo mphutsi zatsopano. Matendawa alibe mankhwala kapena katemera. M'chaka cha 1986, pamene bungwe la Carter Center linayamba kutsogolera ntchito yowathetsa, anthu pafupifupi 3.5 miliyoni ankadwala pachaka ku Africa ndi ku Asia, koma m'zaka zaposachedwapa odwala sakufika 20 pachaka padziko lonse. Zida zazikulu zinali kansalu kosefera madzi akumwa ndi lamulo lakuti wodwala asaponde m'madzi amene anthu amatunga.

Yambani ndi chimbudzi

Khomo lalikulu kuposa onse ndi chimbudzi cha munthu chimene chagwera pamtunda. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limayerekezera kuti anthu pafupifupi 1.5 biliyoni ali ndi njoka zam'mimba zofala kudzera m'nthaka, ndipo kuti timvetse chifukwa chake ndi ambiri chonchi, tione njoka yotchedwa Ascaris, yaikulu ija yooneka ngati nyongolotsi, imene imatalika mpaka masentimita 35. Yaikazi imodzi imaikira mazira pafupifupi 200,000 patsiku. Mazirawa akangotuluka sangadwalitse munthu, koma amafuna pafupifupi milungu itatu m'dothi lofunda ndi lachinyezi kuti akhwime, ndipo akakhwima amatha kukhala amoyo kwa zaka chifukwa chikamba chake n'cholimba. Chimbudzi chimauma n'kusanduka fumbi, mvula imachimwaza, nkhuku zimachipalasa, ndipo pamalo pamene paoneka poyera pamakhala mazira osawerengeka. Mwana wokwawa amagwira dothilo n'kuika chala m'kamwa. Dzira likaswa m'matumbo, mphutsi imaboola n'kulowa m'magazi, imadzera m'chiwindi mpaka kumapapo, imakwera kummero, munthu n'kuimezanso, ndipo pakatha miyezi iwiri kapena itatu imakhala njoka yaikulu yoyamba kuikira mazira ake. Ichi n'chifukwa chake nthawi zina kutsokomola kouma kumakhala chizindikiro choyamba cha njoka zam'mimba.

Njoka ina, yaing'ono koma yowononga kwambiri, ndi yokhala ndi timano tokolera kukhoma la matumbo n'kumayamwa magazi. Iyi sidikira kumezedwa. Mazira ake amaswera m'dothi, ndipo pakatha sabata imodzi mphutsi zake zimakhala zokonzeka kuboola khungu la phazi losavala nsapato. Munthu amangomva kuyabwa pakati pa zala, osadziwa kuti miyezi ikubwerayo magazi ake azichepa pang'onopang'ono. Kwa mayi woyembekezera ndi mwana amene akukula, kuchepa kwa magazi kotereku kumabweretsa kufooka, kubereka mwana wochepa thupi ndiponso kulephera kutsatira bwino m'kalasi.

Chochita choyamba, tsono, n'kuonetsetsa kuti munthu aliyense pakhomo akugwiritsa ntchito chimbudzi nthawi zonse, usiku womwe, komanso pamene ali kutali ndi nyumba. Ngati chili chokumba, chikhale ndi chivundikiro kuti ntchentche zisamalowe ndi kutuluka, chikumbidwe kumunsi kwa chitsime osati kumtunda kwake, ndipo chitalikirane ndi chitsimecho mamita osachepera 30. Pali kulakwitsa kumodzi kumene ndimaona kuti n'koopsa kuposa kwina konse, ndiko kuganiza kuti chimbudzi cha mwana wamng'ono chilibe vuto. Zoona zake n'zakuti ana ndiwo amanyamula njoka zochuluka, ndipo ndiwonso amachitira chimbudzi pafupi ndi khomo pamene anzawo amasewera. Chimbudzi cha mwana chiwoledwe nthawi yomweyo n'kukatayidwa m'dzenje la chimbudzi, madzi ochapira matewera atayidwe momwemo, ndipo wosamalira mwanayo asambe m'manja asanagwire china chilichonse. Chimbudzi cha munthu chosawola mokwanira chisathiridwe m'dimba ngati manyowa.

Kusamba m'manja kukhale kwa sopo ndi madzi oyenderera, kwa masekondi osachepera 20, mukutikita pakati pa zala ndi kunsi kwa zikhadabo, makamaka pochokera kuchimbudzi, musanakonze chakudya ndiponso musanadye kapena kudyetsa mwana. Mankhwala opaka m'manja aja okhala ndi mowa wamphamvu amathandiza pa majeremusi ena, koma sapha mazira a njoka. Chimene chimawachotsa ndi thovu ndi madzi. Masamba omera pafupi ndi nthaka atsukidwe ndi madzi abwino ndipo aphikidwe, zipatso zisendedwe, ndipo nsapato zivalidwe makamaka pamalo onyowa ndi amthunzi ozungulira chimbudzi.

Pali njoka imodzi yosatsata lamulo la milungu itatu lija, ndipo makolo ambiri amaidziwa. Mwana amagona bwinobwino, koma pakati pa usiku amayamba kutembenukatembenuka, kulira ndi kukanda kumatako. Mukaunika ndi tochi maola awiri kapena atatu atagona, mutha kuona tinjoka toyera tofanana ndi ulusi tikuyenda pakhungu lozungulira kotulukira chimbudzi. Ndi tatikazi timene tatuluka kudzaikira mazira, ndipo mazira ake amakhwima m'maola ochepa chabe. Mwana akakanda amawatengera m'zikhadabo, n'kuwabwezera m'kamwa mwake kapena kuwasiya pazofunda ndi pazidole. Apa kupatsa mankhwala mwana yekhayo n'kutaya nthawi. Onse a m'nyumbamo amwe tsiku limodzi ndipo abwerezenso pakatha milungu iwiri, chifukwa mankhwala amapha njoka koma osati mazira. Mwana asambitsidwe m'mawa, zikhadabo ziwengedwe, ndipo zofunda zichapidwe popanda kuzikutumula, kuopa kuulutsa mazira m'chipinda.

Tizirombo ta selo imodzi totsegula m'mimba, monga Entamoeba, Giardia ndi Cryptosporidium, natonso timatuluka tili tokonzeka kale kudwalitsa, ndipo tochepa chabe n'tokwanira. Anthu ambiri amene ali nato samva chilichonse, choncho wophika wooneka wathanzi akhoza kupatsira nyumba yonse. Pa madzi akumwa, njira yodalirika ndi kuwawiritsa mpaka abwadamuke kwa mphindi imodzi yathunthu, n'kuwasunga m'chiwiya chotseka chimene simuviikamo kapu kapena dzanja. Klorini ndi wabwino ndipo asanyozedwe, koma pa mlingo wa masiku onse sapha Cryptosporidium. Izi zinaonekera mu 1993 mumzinda wa Milwaukee ku America, pamene anthu pafupifupi 400,000 anadwala atamwa madzi a m'mipopi amene sanasefedwe mokwanira.

Madzi osamba ndi nkhono

Likodzo limasocheretsa anthu chifukwa madzi ake akhoza kukhala oyera mbee, ndipo munthu safunika kuwamwa kuti adwale. Dokotala wa ku Germany, Theodor Bilharz, ndiye anapeza njoka zake mu 1851 ku Cairo, ndipo mu 2021 anthu oposa 250 miliyoni ankafunika mankhwala oteteza ku matendawa, ambiri mwa iwo ku Africa. Njira yake ndi iyi. Munthu wodwala akakodza kapena kuchita chimbudzi m'madzi opanda mchere, kapena pafupi nawo, mazira amaswa n'kutulutsa tizamoyo tosambira timene timafunafuna nkhono za mtundu wake. Tikapanda kupeza nkhono m'maola ochepa timafa. Tikaipeza timachulukana m'kati mwake kwa milungu inayi kufika isanu ndi umodzi, kenako nkhono imodziyo imayamba kulavula mphutsi zambirimbiri tsiku lililonse, makamaka dzuwa likakwera, nthawi yomwe anthu amakonda kusambira. Mphutsizo zimaboola khungu m'mphindi zochepa, zimakakhwimira m'mitsempha ya magazi, ndipo yaimuna ndi yaikazi zimakhala pamodzi kwa zaka zingapo zikuikira mazira.

Chimene chimawononga thupi si njokazo kwenikweni koma mazira amene alephera kutuluka n'kukodwa m'minofu. M'chikhodzodzo amabweretsa magazi kumapeto kwa mkodzo, zipsera, kuwonongeka kwa impso ndipo patapita zaka ngakhale khansa. M'chiwindi amaumitsa mitsempha, kapamba n'kutupa, mimba n'kudzaza madzi, munthu mpaka kusanza magazi. Kwa amayi ndi atsikana mazirawa amakodwanso m'njira ya chiberekero, kumene amayambitsa zilonda, kutaya magazi, ululu pogonana ndi kusabereka, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti ambiri amapatsidwa mankhwala a matenda opatsirana pogonana mobwerezabwereza, ena kunenezedwa kumene, pamene gwero lake ndi madzi amene anachapiramo. Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna: amene akuona zoterezi auze dokotala momasuka, ndipo atchule yekha kuti amagwira madzi a kumtsinje, kudamu kapena kunyanja. Magazi mumkodzo wa mnyamata si chizindikiro cha kukula ayi, ndi matenda.

Njirayi ili ndi malo awiri oduka. Oyamba ndi kusakodzera kapena kuchitira chimbudzi m'madzi ndi m'mphepete mwake, ndipo ana aphunzitsidwe kukodza asanalowe m'madzi. Achiwiri ndi kuteteza khungu. Mphutsi zochoka mu nkhono sizidya kanthu ndipo zimafa pasanathe masiku awiri, choncho madzi otungidwa n'kusungidwa m'chidebe chopanda nkhono kwa maola 48 amakhala abwino kusamba ndi kuchapira, monganso madzi otenthetsedwa bwino. Kudzipukuta mwamphamvu potuluka m'madzi sikodalirika. Amene ntchito yawo ndi ya m'madzi avale majombo pamene kuli kotheka, apewe malo osayenda madzi okhala ndi zomera zambiri, ndipo alandire mankhwala a likodzo otchedwa praziquantel nthawi iliyonse imene akuperekedwa m'dera lawo. Mankhwalawa amaperekedwa molingana ndi kulemera kapena kutalika kwa munthu, ndipo amamwedwa munthu atadya kuti asachite chizungulire ndi nseru. Dziwaninso kuti sapha njoka zanthete, kotero amene wangolowa m'madzi okayikitsa kamodzi adikire milungu isanu ndi umodzi kufika isanu ndi itatu asanalandire chithandizo, pokhapokha ngati wadwala nthawiyo isanakwane.

Zoluma zonyamula matenda

Malungo ndiwo amapha anthu ambiri mwa matenda onsewa. Mu 2023 padziko lonse panali odwala pafupifupi 263 miliyoni ndi imfa pafupifupi 597,000, zambiri mwa izo za ana osakwana zaka zisanu a ku Africa. Alphonse Laveran anaona kachirombo kake m'magazi a wodwala ku Algeria mu 1880, ndipo Ronald Ross anakapeza m'mimba mwa udzudzu ku India mu 1897. Kuyambira pamenepo n'zodziwika kuti malungo sabwera chifukwa chonyowa ndi mvula kapena kudya zipatso zosapsa. Mvula imangochulukitsa zithaphwi zoswaniramo udzudzu.

Mfundo yofunika kuigwiritsitsa ndi yakuti udzudzu subadwa ndi malungo. Waukazi wa mtundu wa Anopheles umawatenga poluma munthu amene ali nawo m'magazi, ndipo kachiromboko kamafuna masiku 10 kufika 14 m'thupi mwa udzudzuwo kasanafike m'malovu ake. Udzudzu wambiri sukhala moyo wautali chonchi, ndipo apa ndi pamene njira ya malungo ili yofooka. Neti yonyikidwa m'mankhwala imagwira ntchito ziwiri: imatchinga wogonamo, komanso imapha udzudzu umene watera pa iyo usanakwanitse masiku aja. N'chifukwa chake mudzi umene anthu ambiri amagona m'maneti umateteza ngakhale ochepa amene alibe, ndipo n'chifukwa chakenso munthu amene akudwala kale, kapena wamkulu amene amati malungo samugwira, ayenera kugona m'neti, pakuti akuluakulu ambiri amanyamula tizirombo popanda kumva kanthu ndipo udzudzu umatenga kwa iwo n'kukapatsira khanda.

Neti itsitsidwe dzuwa likamalowa, m'mphepete mwake mupisidwe kunsi kwa matiresi kapena mphasa kuzungulira konse, ndipo wogonamo asatsamire, chifukwa udzudzu umaluma chigongono kapena bondo logunda netiyo. Kabowo kolowa chala n'kokwanira kulowetsa udzudzu wanjala, choncho kasokedwe tsiku lomwelo. Ichapidwe mwa apo ndi apo ndi sopo wamba, osati pamwala, ndipo iyanikidwe pamthunzi kuti dzuwa lisaphe mphamvu ya mankhwala. Kunja kwa nyumba, kwirirani maenje ndi zithaphwi zimene zimasunga madzi kupitirira sabata, ndipo lolani opopera mankhwala m'makoma kuti alowe m'zipinda zonse. Aliyense amene watentha thupi ayezetse magazi pasanathe maola 24, ndipo akapezeka ndi malungo amalize mankhwala a masiku atatu onse ngakhale atapeza bwino tsiku lachiwiri, chifukwa tizirombo totsalira timadzukanso ndipo ndi timene timaphunzira kupirira mankhwala. Amayi oyembekezera a m'madera a malungo ambiri amapatsidwa mankhwala oteteza ku malungo otchedwa SP kuyambira sabata ya 13 ya mimba, katatu kapena kuposerapo. Katemera wa ana alipo tsopano, RTS,S wovomerezedwa ndi WHO mu 2021 ndi R21 mu 2023, koma amateteza mbali chabe ndipo salowa m'malo mwa neti.

Udzudzu umafalitsanso njoka za mntchofu, zimene zimatseka mitsempha ya madzi a m'thupi mpaka mwendo kapena ziwalo zobisika kutupa, ndipo neti yomweyo imathandiza. Tintchentche takuda toswana m'mitsinje yothamanga timanyamula njoka zoyabwitsa thupi ndi kuchititsa munthu kusaona. Popeza njoka zazikulu zake zimakhala zaka mpaka 15 ndipo mankhwala ake otchedwa ivermectin amapha ana a njokazo okha, mankhwalawa amayenera kumwedwa chaka ndi chaka popanda kudumpha, ngakhale ndi amene akudziona kuti ali bwino. Kashembe amafalitsa kaodzera, ndipo amakopeka ndi zovala zakuda ndi zabuluu. Ku Latin America kuli matenda a Chagas, ofalitsidwa ndi kachirombo kobisala m'ming'alu ya makoma, kamene kamaluma usiku n'kusiya chimbudzi chake pafupi ndi bala, munthu n'kudzilowetsera yekha matendawo pokanda. Malungo ndi Chagas amathanso kudutsa kuchokera kwa mayi kupita kwa mwana wosabadwa, kapena kudzera m'magazi oikidwa osayezedwa.

Nyama ndi ziweto

Njoka yaphanthiphanthi ya m'nkhumba ili ndi njira ziwiri, ndipo kusokoneza ziwirizi kumaika anthu pangozi. Munthu akadya nyama ya nkhumba yosapsa yokhala ndi timatuza toyera tonga njere, m'matumbo mwake mumakula njoka yotalika mamita awiri kapena kuposa, imene kawirikawiri simuvutitsa kwenikweni. Koma chimbudzi chake chimakhala ndi mazira, ndipo mazirawo akamezedwa ndi munthu, kaya iye mwini kapena wina, mphutsi zimakamanga timatuza m'minofu, m'maso ndi muubongo. Ndiye kuti munthu amene sanalawepo nyama ya nkhumba akhoza kudwala chifukwa cha manja osasamba a wom'phikira. M'madera amene njokayi ndi yofala, WHO imati pafupifupi 30 mwa anthu 100 alionse odwala khunyu, gwero lake ndi limeneli. Choncho wamkulu amene wayamba kugwa khunyu kwa nthawi yoyamba apite kuchipatala msanga. Nkhumba zikhale m'khola kuti zisadye chimbudzi cha anthu, nyama yooneka timatuza isagulidwe kapena kugulitsidwa, ndipo nyama iliyonse iphikidwe mpaka m'kati musatsale kufiira. Kuwamba pamoto wamphamvu kumapsereza kunja kokha, choncho dulani nthuli yaikulu muone pakati pake.

Amphaka amatulutsa m'chimbudzi chawo kachirombo ka Toxoplasma, kamene kamapezekanso m'nyama yosapsa. Kwa anthu ambiri sikachita kanthu, koma mayi akakatenga koyamba ali woyembekezera kamatha kuwononga ubongo ndi maso a mwana, ndipo kwa munthu amene chitetezo chake chatsika kwambiri, monga amene ali ndi HIV koma sakumwa mankhwala, kamatupitsa ubongo. Sikofunika kuthamangitsa mphaka. Chimbudzi chake chimayamba kukhala choopsa pakapita tsiku limodzi kufika asanu, choncho chichotsedwe tsiku lililonse ndi munthu wina osati woyembekezerayo. Agalu nawo asapatsidwe ziwindi ndi mapapo aawisi a ziweto zophedwa, makamaka okhala ndi matuza a madzi, ndipo azipatsidwa mankhwala a njoka.

Za pakhungu n'zachidule koma zimafuna khama

Mphere imafala pokhudzana khungu kwa nthawi yaitali ndiponso pogona pamodzi, ndipo si umboni wa uve, chifukwa kachirombo kake kamakumba m'kati mwa khungu mmene sopo safika. Munthu amene waitenga koyamba amatha milungu inayi kufika isanu ndi umodzi asanayambe kumva kuyabwa, koma akupatsira kale ena. Ichi n'chifukwa chake onse a m'nyumba ayenera kudzola mankhwala usiku umodzi, thupi lonse kuyambira m'khosi mpaka kuzala zakumapazi, osati pa zilonda pokha. Zovala ndi zofunda zichapidwe m'madzi otentha, ndipo zosachapika zimangidwe m'thumba kwa masiku osachepera atatu. Kuyabwa kumatha kupitirira kwa milungu ingapo tizirombo titafa kale. Matekenya amachokera m'fumbi louma la pansi ndi m'makola, ndipo kuwazula ndi singano kapena minga yobwerekana kumabweretsa mafinya ndi kafumbata. Nsapato zotseka, kusambitsa mapazi tsiku lililonse ndi kukonza pansi pa nyumba ndizo zimawathetsa.

Poyezetsa ndi pomwa mankhwala

Mankhwala ali ndi malo ake, ndipo nawonso amadula njira chifukwa amachepetsa mazira ogwera m'nthaka ndi m'madzi. M'madera amene ana 20 kapena kuposa mwa 100 alionse ali ndi njoka, WHO imalangiza kuti ana onse amwe albendazole kapena mebendazole kamodzi pachaka popanda kuyezedwa, ndipo kawiri pachaka pamene chiwerengerocho chapitirira 50. Ana a miyezi 12 kufika 23 amapatsidwa theka la albendazole, lophwanyidwa bwino kuti lisawatsamwe, ndipo amayi oyembekezera samwa m'miyezi itatu yoyamba. Kunja kwa makampeni oterewa, ndi bwino kuyezetsa musanamwe kanthu, chifukwa mankhwala opha njoka za m'matumbo sachiza likodzo kapena kamwazi, ndipo mankhwala otsegula m'mimba ongoti atsuke thupi amangofooketsa wodwala. Mazira satuluka tsiku lililonse mofanana, choncho chimbudzi chikayezedwa kamodzi n'kusapezeka kanthu pamene zizindikiro zikupitirira, chiyezedwenso masiku ena awiri osiyana. Mkodzo woyezera likodzo utengedwe masana, pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana, pamene mazira amatuluka ochuluka.

Musadikire kunyumba ngati mwana wotentha thupi akukomoka, akulephera kuyamwa kapena kumwa, akusanza chilichonse, akupuma movutika kapena m'manja mwake mwayera. Chimodzimodzi ngati mimba yatupa n'kuuma mwana akusanza njoka, pakuti zikhoza kukhala zitapotana n'kutseka matumbo. Mukafika kwa dokotala, fotokozani kumene mwakhala ndi kumene mwayenda, madzi amene mwalowamo, ziweto zimene mumasunga ndiponso ngati wina m'nyumba akudwala mofananamo, ngakhale zitakhala za kalekale. Malungo a mtundu wa vivax amabisala m'chiwindi n'kudzuka patapita miyezi, ndipo njoka yotchedwa Strongyloides, mosiyana ndi zinzake, imaberekana m'thupi momwemo kwa zaka makumi angapo mwakachetechete. Munthu amene ali nayo akapatsidwa mankhwala otsitsa chitetezo cha thupi, monga prednisolone kapena dexamethasone, mphutsi zake zimatha kumwazikira m'mapapo ndi m'magazi mpaka kupha. Choncho amene anakhalapo m'madera otentha, ndipo ankayenda wopanda nsapato kapena kugwira ntchito m'dothi, anene zimenezi asanayambe mankhwala oterowo, kuti ayezedwe kapena apatsidwe ivermectin poyamba.